Kodi Mwana wa ku Kasungu Timupezere Buku Lanji la Sayansi ndi Zachilengedwe?

Mwezi wa Disembala wapitawu, mvula itangokata masana, mdzukulu wanga wa Sitandade 4 anabwera pakhonde atanyamula buku la zithunzi limene mayi ake anamugulira pamsika wa pa boma la Kasungu, ndipo anandifunsa kuti, “Agogo, nanga kuno chipale chofewa chigwa liti, popeza bukuli likuti Disembala ndi mwezi wozizira?” Pamene ankafunsa funsoli, chimanga cha kuseri kwa nyumba chinali chitafika m’mawondo, pansi pa babu la pakhondepo panali mbwee mapiko a ngumbi zimene zinauluka usiku wathawo, ndipo achule a kudambo anali atayamba kale phokoso lawo. Bukulo silinaname, chifukwa ku England kumene linasindikizidwa Disembala ndi mwezi wozizira ndithu, koma linachititsa mwanayo kukayikira zimene maso ake ankaona.

Kuyambira tsiku limenelo, buku lililonse la ana lonena za sayansi kapena zachilengedwe ndimaliyeza ndi funso limodzi, lakuti kodi mwana akatseka bukulo angatuluke panja n’kukapeza, kukagwira kapena kukayesa chinthu chimene wawerengacho? Ndi muyeso umenewu ndikufuna tiyerekeze mitundu ya mabuku imene kholo kapena mphunzitsi wa kuno angaipeze, kaya ali pa boma, ku Mtunthama, ku Santhe kapena ku Nkhamenya.

Tiyambe ndi buku la kusukulu, chifukwa ndilo limene ana ambiri amakumana nalo poyamba. Mabuku a m’sukulu za pulaimale za boma amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi, m’boma la Zomba, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti anawalemba ndi anthu odziwa dziko lino. Mwana akawerenga za nthaka, za kufalikira kwa malungo ndi kolera, za kumera kwa mbewu kapena za kusunga chakudya, zitsanzo zake zimakhala zimene amaziona kwawo. Komanso mayeso a Sitandade 8 amene a MANEB amakonza amatsatira silabasi yomweyo, choncho kholo limene ndalama zake zikungokwanira buku limodzi, ndipo mwana wake wayandikira mayeso, lisaganize kawiri. Koma buku la kusukulu lili ndi malire ake. Linalembedwa kuti mphunzitsi aliyendetse m’kalasi, osati kuti mwana aliwerenge yekha atagona chafufumimba pamkeka. Zithunzi zake n’zochepa, nkhani iliyonse imadulidwa msanga kuti mutu wina ulowe, ndipo m’masukulu ambiri ana angapo amaunjikana pabuku limodzi limene sakuloledwa kupita nalo kunyumba. Chinanso n’chakuti m’makalasi a pamwamba sayansi imaphunzitsidwa m’Chingerezi, kotero mwana amene Chingerezi sichinamulowe amaloweza mawu ngati nyimbo, n’kuyankha bwino funso lonena za mbali za duwa, koma ukamupatsa duwa la dzungu kuti akusonyeze mbalizo amangokuyang’ana. Ndimaliona buku limeneli ngati nsichi za nyumba: popanda ilo nyumba siima, koma palibe amene angagone pansichi zokha.

Mtundu wachiwiri ndi wa mabuku ochokera kunja, okhala ndi mapepala osalala ndi zithunzi zowala, monga amene amasindikizidwa ndi makampani a ku Britain otchedwa DK ndi Usborne. Atsopano amapezeka m’masitolo a mabuku a ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera kuno, ndipo mtengo wake ndi wa anthu opeza bwino. Akale amabwera pamodzi ndi katundu wa kaunjika, ndipo munthu woleza mtima pofufuza mulu wa mabuku oyalidwa pansi amatha kutola chinthu chamtengo wapatali pa ndalama yochepa. Pa mabuku amenewa ndipamene ndikhalitse, chifukwa ndi pamene makolo ambiri amapindula kwambiri komanso pamene amaluza kwambiri.

Anthu a ku Kasungu sitifunika kuuzidwa ndi wina kuti buku lochokera kunja lingasinthe moyo wa mwana. William Kamkwamba wa kwa Wimbe, atasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha kusowa kwa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankabwereka mabuku m’kalaibulale kakang’ono ka pasukulu ya pulaimale ya kwawo. Mmenemo anapezamo buku la ku America lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali makina opukusidwa ndi mphepo, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina akeake pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, chikupizo cha thirakitala, zitsulo za njinga ndi dayinamo. Chimene makolo ayenera kuchigwira pa nkhaniyi n’chakuti mnyamatayo Chingerezi chinkamuvuta, ndipo chimene chinamuthandiza ndi zojambula zosonyeza mkati mwa zinthu, zokhala ndi mivi ndi mayina a zigawo zake, zimene ankazilondola mpaka kumvetsa mmene magetsi amayendera. Apa m’pamene pali mphamvu ya mabuku akunja. Pa nkhani za magetsi, maginito, kuwala, phokoso, makina, mafupa a munthu ndi kayendedwe ka magazi, buku la ku London ndi loona ku Chamama monga mmene lilili loona kwawo, chifukwa batire ndi waya sizisintha khalidwe zikawoloka nyanja. Mbiri ya mnyamatayu inalembedwanso m’buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene linatuluka mu 2009, kenaka mu 2012 kunatuluka la zithunzi la ana aang’ono ndipo mu 2015 la ana okulirapo. Mabuku awiri omalizawa ndi ena mwa mabuku ochepa a m’Chingerezi amene mwana wa kuno angawerengemo za sayansi n’kumaona mayina a malo amene amawadziwa.

Koma buku lakunja likangochoka pa makina n’kulowa m’nkhani za nyengo, mitengo, mbalame ndi nyenyezi, kholo liyenera kukhala tcheru. Nyengo zinayi za ku Ulaya sizikugwirizana ndi dzinja lathu, masika, chisanu cha mu Juni ndi Julayi, ndi chilimwe chimene chimafika pachimake mu Okutobala. Buku lotere limaphunzitsa kuti mitengo imayoyola masamba kukamazizira n’kuphukanso kukafunda, pamene mwana wa kuno amaona mitengo ya mombo ndi tsamba ikutulutsa masamba ofiira mu Seputembala kunja kuli gwaa, mvula isanagwe ngakhale dontho. Limanena kuti masana chithunzithunzi cha munthu chimaloza kumpoto nthawi zonse, zimene zili zoona ku England, koma kuno ku Kasungu, kumene tili kumwera kwa mzere wa ikweta, mu Juni chithunzithunzi cha masana chimaloza kumwera, mu Disembala chimafupika n’kuloza pang’ono kumpoto, ndipo kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni. Limauzanso mwana kuti akasochera usiku afunefune nyenyezi ya kumpoto yotchedwa Polaris, imene kuno siioneka n’komwe, koma osatchula nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda zimene zimaoneka bwino kumwera madzulo a mu Meyi ndi Juni.

Pali tsamba limodzi la m’mabuku akunja limene ndimaliopa kuposa onse, ndilo la bowa. Mwana asamaloledwe kuzindikira bowa wodyedwa poyerekeza ndi chithunzi cha m’buku la ku Ulaya, chifukwa mitundu ya bowa imafanana maonekedwe koma ina ndi yakupha. Kusiyanitsa utale ndi manyame ndi bowa wachabe ndi nzeru imene mwana amaiphunzira atatsagana ndi mayi ake kapena agogo ake kuthengo, ndipo palibe chithunzi chimene chingalowe m’malo mwa anthu amenewa.

Pogula buku la pakaunjika ndi bwino kutsegula tsamba lachiwiri n’kuona chaka chimene linasindikizidwa. Njira yachidule yoyesera buku la zakuthambo ndi kuwerenga mapulaneti: likanena kuti alipo 9, ndiye kuti linalembedwa chisanafike chaka cha 2006, pamene akatswiri anagwirizana zochotsa Pluto pamndandandawo n’kutsala 8. Buku lotero si lotaya ayi, koma likufunika munthu wamkulu woti akonze pamene pakalamba. Ndi bwinonso kuona ngati zoyeserera zimene bukulo likulamula zingatheke ndi zipangizo za pakhomo. Buku limene likufuna botolo, mchere, ulusi, kandulo ndi galasi loonera nkhope ndi labwino kuposa limene tsamba lililonse likufuna firiji, uvuni wamagetsi kapena mankhwala amene sagulitsidwa m’golosale iliyonse ya kuno.

Mtundu wachitatu, umene ndimaukonda kwambiri pa nkhani za zamoyo ngakhale kuti ndi wosowa, ndi wa timabuku, magazini ndi mapepala opachika pakhoma okonzedwa ndi mabungwe osamalira zachilengedwe a m’dziko muno. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m’masukulu, ndipo magazini yake ya ana inapatsidwa dzina la mbalame ya nantchengwa, imene mwana aliyense wokulira pafupi ndi dambo amadziwa chisa chake chachikulu chija. Zolemba zotere siziwala ngati za kunja, mapepala ake ndi opyapyala ndipo sizichedwa kung’ambika, koma zimatchula mlombwa, msuku, ngaka, nungu ndi nkhwali, ndiye mwana akatseka tsamba amakhala ndi pokayambira. Vuto lake ndi lakuti sizigulitsidwa pamsika, ndipo njira yozipezera ndi kudzera kwa mphunzitsi woyang’anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu, ngati kalabuyo ilipo ndipo ikugwira ntchito.

Kufunika kwa zolemba za kuno kumaonekera bwino pa nkhani ya njovu. Kasungu National Park, imene kukula kwake kumapitirira masikweya kilomita 2,300 ndipo imangoposedwa ndi Nyika yokha, inalandira njovu 263 zochokera ku Liwonde m’chaka cha 2022. M’buku la ku Ulaya njovu imajambulidwa ikumwetulira, itavala chipewa, ngati bwenzi la ana. Mwana wa m’mudzi woyandikana ndi paki, amene anamvapo akuluakulu akumenya zitini usiku wonse kuti apulumutse chimanga, sangakhulupirire buku lotero, ndipo akaleka kukhulupirira tsamba limodzi amakayikira buku lonse. Buku loyenera mwana ameneyu ndi limene limafotokoza zonse ziwiri, kuti njovu imadya chakudya chochuluka ndipo imayenda mitunda italiitali pochifunafuna, kuti ndi yoopsa kwambiri ikakhala ndi mwana, komanso kuti ndowe zake zimafalitsa njere za mitengo ya m’nkhalango. Zomwezonso ndi mphalabungu ndi matondo. Kwa wolemba wa ku Ulaya mbozi ndi chinthu chongochiyang’ana, pamene kwathu kuno ndi ndiwo, ndipo mwana amachita chidwi kwambiri akamva kuti matondo amene amadyera nsima, akapanda kutoledwa, amalowa m’nthaka n’kudzatuluka ali agulugufe akuluakulu ouluka usiku amene amaikira mazira a matondo a chaka chotsatira. Akamvetsa zimenezi, amamvetsanso yekha chifukwa chake kugwetsa mtengo pofuna kutola matondo ndi kudzidula mwendo.

Tsopano tifike pa mabuku a pafoni, amene achinyamata amawatamanda kwambiri. Pa intaneti pali malo amene amapereka mabuku a ana ulere, monga African Storybook, imene inayambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa, ndi StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India, imene ili ndi mabuku ambiri a zithunzi ofotokoza sayansi kudzera m’nthano. Mabukuwa amaloledwa kuwakopera, kuwasindikiza ngakhalenso kuwamasulira, ndipo ena alipo m’Chichewa kapena m’Chinyanja cha ku Zambia, chimene kwa anzathu a ku Mchinji, oyandikana ndi Chipata, si chachilendo m’makutu. Kwa mwana wa Sitandade 1 mpaka 3 njira imeneyi ndi yabwino kuposa zonse zimene tatchula, chifukwa amawerenga m’chilankhulo chimene amaganiziramo. Komabe ambiri mwa mabukuwa ndi aafupi ndiponso osavuta, moti mwana wa Sitandade 7 amawamaliza asanakhale n’komwe pansi. Kumasulira kwake nakonso n’kosiyanasiyana, kwina kwabwino, kwina kooneka kuti womasulirayo ankangotsatira Chingerezi liwu ndi liwu, choncho kholo liyambe lawerenga lokha. Ndiponso foni ndi ya bambo kapena mayi, imachoka nawo m’mawa, imafuna bandulo ndi kutchaja, ndipo mwana akaigwira sachedwa kusiya buku n’kutsegula mavidiyo. Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi yokopera mabuku angapo tsiku limodzi, kupita nawo kwa osindikiza mapepala a pa boma kapena pa tiredingi senta, n’kuwasoka ndi ulusi pamodzi ndi chikuto cha katoni. Zithunzi zimataya mtundu wake, koma bukulo limakhala la mwanayo, ndipo amatha kulibwereketsa kwa anzake.

Za malaibulale ndinene mwachidule. National Library Service imalandira mabuku kuchokera ku mabungwe monga Book Aid International, ndipo masukulu ena ndi malo ena ophunzitsirako aphunzitsi a m’mazoni ali ndi mabokosi kapena makabati a mabuku opatsidwa. Kawirikawiri chimene chimasowa si mabuku koma kiyi, chifukwa woyang’anira amaopa kuti ana ang’amba. Kholo la mu komiti ya sukulu likafunsa mwaulemu kuti kabatiyo imatsegulidwa tsiku liti, lingapindulitse ana ambiri kuposa mmene likanachitira pogula buku limodzi.

Pali njira ina imene ambiri saiwerengera ngati buku, koma ine ndimaiika pamwamba pa zonse pa nkhani za zachilengedwe, ndiyo kope wamba limene mwana amalembamo ndi kujambulamo zimene waona yekha. Mtengo wake ndi wa kope limodzi ndi pensulo. Mdzukulu wanga uja ndinamuuza kuti azule mtedza umodzi m’munda, atsuke mizu yake mubeseni, ndipo ajambule timapundu timene tili pamizupo. Kenaka tinang’amba kamodzi ndi chikhadabo n’kupeza kuti mkati mwake ndi mofiirira, chizindikiro chakuti tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhalamo tikugwira ntchito yake yotenga nayitirojeni mumpweya n’kuipereka ku mbewuyo. Mwanayo anakumbukira yekha kuti bambo ake amadzala chimanga pamene chaka chatha panali mtedza kapena soya, ndipo analemba chifukwa chake m’mawu akeake. Sabata yotsatira anatsegula nsonga ya chimanga chobooka masamba n’kupezamo mbozi ya mtundu watsopano wa ntchemberezandonda, imene inachokera ku America ndipo inayamba kusautsa alimi a m’dziko muno m’nyengo ya ulimi ya 2016 ndi 2017, kutanthauza kuti m’mabuku akale a ulimi a kuno simungaipezemo. Anaiika m’botolo lokhala ndi dothi pang’ono ndi masamba a chimanga, anatseka ndi kansalu, ndipo tsiku ndi tsiku ankalemba zimene zasintha mpaka inalowa m’dothi n’kudzatuluka ili kagulugufe kotuwa. Kufooka kwa njira imeneyi n’koonekeratu: kope silingauze mwana za mkati mwa mtima wa munthu kapena za mapulaneti, ndipo popanda munthu wamkulu womufunsa mafunso limasanduka la zithunzi za magalimoto pakangotha masabata awiri.

Munthu akandifunsa kuti asankhe chiyani, ndimayamba ndamufunsa kalasi ya mwana wake. Kwa wamng’ono amene akungoyamba kuwerenga, mabuku a m’Chichewa osindikizidwa kuchokera pafoni ndi okwanira, ndipo ndalama yogulira insaikulopediya ya m’Chingerezi ndi bwino kuisunga kaye. Kwa wa Sitandade 4 mpaka 6, buku limodzi lakunja lonena za makina, magetsi kapena thupi la munthu, lokhala ndi zojambula zambiri zolembedwa mayina, limapindulitsa kwambiri, makamaka likayendera limodzi ndi kope la zimene waona panja. Kwa wa Sitandade 7 ndi 8, buku la silabasi likhale patsogolo, ndipo enawo akhale othandiza kumvetsa zimene buku la kusukulu langozikhudza pamwamba. Mwana wamkazi apatsidwe buku la magetsi lomwelo limene mukanapatsa mlongo wake, pamodzi ndi nthawi yoliwerengera, chifukwa kawirikawiri iye ndiye amene amatumidwa kumjigo pamene mnzake wakhala pansi ndi buku.

Buku la chipale chofewa lija sitinalitaye. Tinatenga pensulo n’kulemba m’mphepete mwa tsamba lililonse zimene zimachitika kuno mwezi womwewo: pa Disembala tinalemba ngumbi ndi kupalira, pa Epulo tinalemba dowe ndi maungu, pa Juni tinalemba mphepo ya mwera ndi kuotha moto m’mawa, ndipo pa Okutobala tinalemba nyenje ndi kamvulumvulu. Titafika patsamba lonena kuti mitengo imavala masamba nyengo ya mvula ndi kutentha, mdzukulu wanga anatsutsa, nati msangu umene uli m’munda mwa amalume ake umachita zosiyana, umakhala wopanda masamba dzinja lonse chimanga chikukula pansi pake, n’kudzabiriwira chilimwe mitengo ina itayoyola. Ndinamuuza kuti akunena zoona, ndipo m’kope lake watsegula tsamba la mtengo umenewo, limene akuti azilembamo kamodzi pamwezi mpaka Disembala akubwerayu.